Tinasesa Nkhalango ya a Timoteyo

Kwathu ku Kapondo mlendo salandiridwa pa zinyalala. Ngakhale m'nyumba mutagona njala, mukamva kuti kukubwera munthu mumayamba mwasesa pabwalo, kuzira pakhonde ndi kubisa mphasa yong'ambika kuseri. Ine Keziya ndinakulira m'mwambo umenewu ndipo sindiunyoza. Koma ndiwo unatithera nkhalango, ine ndili mlembi wa komiti, cholembera chili m'manja.

Nkhalangoyo inali pa chitunda cha Kamphande, ndipo mwini wake, ngati nkhalango imakhala ndi mwini, anali a Timoteyo. Iwowa si obadwira kuno. Anachokera ku Phalombe ali mnyamata kudzagwira utenanti pa esiteti ya fodya, ndipo kwa zaka makumi awiri ankadula mitengo ya pachitundapo n'kumaponya m'mabalani oumitsira fodya. Esiteti itagwa anzawo anabwerera kwawo. Iwo anatsala, akazi awo atamwalira kale, m'kanyumba kamene munthu wina anawalola kumanga m'mbali mwa munda wake. Pachitunda panatsala zitsa zokhazokha.

Chaka china tinangoona madalawa akukwera chitunda m'mamawa, chikwanje kumanja. Chitsa chilichonse chimene chaphuka ankachisiyira mphukira ziwiri zolimba, zinazo n'kusadza. Mvula ikatha ankalambula njira yotchinga moto kuzungulira chitunda chonse, okhaokha, ndi khasu lakutha. Ife tinkaseka. Tinkati ukalamba wabwera ndi zake, munthu wayamba kupalira zitsa ngati chimanga. Iwo sankapsa mtima. Ankangoti, "Ndinadula ndine. Koma mtengo sufa chitsa chikadali m'nthaka."

Patapita zaka khumi ndi zisanu, osekafe ndife tinayamba kukwera chitunda ndi malichero. Dzinja tinkazula bowa wa utale ndi manyame mpaka kufutsa. Mu Juni a Timoteyo ankafula uchi m'ming'oma yawo khumi ndi iwiri, ndipo mwana wa chifuwa sankabwezedwa chimanjamanja. Mu Seputembala mombo unkaphuka masamba ofiira, chitunda chonse psuu, moti wodutsa panjinga ankayamba waima. Kenako masuku, ana osafunanso kudya kunyumba. Nkhanga zinabwerera. Kunalinso gwape mmodzi amene aliyense ankalumbira kuti wamuona ndi maso ake.

Ndiye kunabwera a Phillip, mlangizi wa bungwe lotchedwa Tsogolo Lobiriwira, mnyamata wa nsapato zoyera. Anajambula nkhalangoyo pa foni, nati ndi chozizwitsa. Anati mabwana awo adzabwera kanayi, nyengo iliyonse ulendo umodzi, kudzaona mmene nkhalango imasinthira. Akakhutira, Kamphande adzakhala paki, ya chikwangwani ndi geti, ngati ija ya ku Kasungu koma yathuyathu.

Paki siyenda popanda komiti, choncho tinasankhana anthu khumi. Wapampando anakhala a Alufeyo, amene anatha zaka zambiri akusintha ndalama pa boda ndipo anabwerako ndi jekete lachikopa ndi mawu a ku Zambia oti "manje" m'malo mwa "tsopano". Ine anandipatsa ulembi chifukwa ndinafika Fomu Thuu ku Ludzi. A Timoteyo sanalowe m'komiti. Ena anati si mbadwa, ena anati sadziwa kusaina. Anawapatsa udindo wa mlonda ndi jombo zazikulu zimene ankachita kuikamo nsanza kuti ziwakwane.

Ulendo woyamba unali wa mu Febuluwale. Kutatsala mlungu umodzi, a Alufeyo anatitsogolera kukayendera nkhalango. Tinalowa pang'ono chabe iwo n'kuima, manja m'chiuno, akuyang'ana pansi.

"Manje, anthu achoke ku Ulaya uko adzapeze masamba ali mbwee chonchi? Aziti kuno kulibe azimayi?"

Mawu amenewo anatilasa ife amayi. Kutukwanidwa uve pamaso pa azungu! M'mawa mwake tinakwera amayi makumi atatu ndi masache. Tinasesa masiku atatu. Masamba ovunda, tinthambi, zipika zofumbwa, zonse tinaunjika n'kutentha, ngakhale zinkavuta kuyaka ndi chinyezi. Pansi panayera ngati pabwalo la tchalitchi tsiku la ukwati.

A Timoteyo anatipeza tsiku lachiwiri. Anayang'ana milu ija, nayang'ana ife, kenaka a Alufeyo amene ankatiyang'anira.

"Atcheya, kodi bowa amamera pa chiyani?"

"Bowa amamera ndi mvula, madala," anatero a Alufeyo. "Inu zanu ndi ulonda. Zaukhondo zisiyireni komiti."

Alendo anabwera pa magalimoto atatu, n'kuwasiya m'munsi chifukwa msewu unkathera pamenepo. Anakwera wapansi m'matope. Mayi wina wachizungu, woonda, wa chipewa chachikulu, anawerama n'kugwira dothi, nafunsa m'Chingerezi kuti masamba apita kuti. A Phillip anatimasulira kuti mayiwa akuti mwasamala bwino kwambiri. Ine Chingerezi cha Fomu Thuu chinandikwanira kumva funsolo. Koma amayi anzanga anali atayamba kale nthungululu, ndipo ndani afuna kukhala mfiti ya pa chikondwerero? Ndinaimba nawo.

Bowa wa chaka chimenecho anathera pomwepo. Tinati mwina mvula yake ndi yachilendo.

Chimene lipoti la a Phillip linadandaula si bowa ayi, koma matope. Bwana wina anaterereka n'kudetsa buluku. Choncho pokonzekera ulendo wa mu Juni, komiti inagamula kuti galimoto zizifika pakati penipeni pa nkhalango. Anyamata analambula msewu woti magalimoto awiri n'kupatukirana, poti mabwana sabwerera chafutambuyo. Inagwa mitengo ya mombo, miwanga, ndi mlombwa umodzi umene a Alufeyo anausunga kwawo kuti usabedwe. Yotsala m'mbali mwa msewu tinaipaka laimu kufika m'chiuno, monga amachitira ku maofesi a pa boma. Inaima ndondolo ngati ana asukulu ovala masokosi.

Ndinkayembekeza kuti a Timoteyo alusa. Koma ndinawapeza madzulo ena akuyenda m'mbali mwa msewu watsopanowo, akusalaza ndi chikwanje zitsa zimene anyamata anazidula mokhadzula.

"Agogo, simukudandaula?"

"Kudandaula ndikudandaula, mwanangu. Koma alendo ndi mame. Apita awa. Zitsazi mvula ikagwa ziphuka."

Tsiku la alendo kunazizira, kamphepo kakuchokera ku mapiri a m'malire. Magalimoto anafika pakati, palibe amene anadetsa nsapato. A Timoteyo, mwa ulemu wawo, anabweretsa uchi wa m'zisa m'beseni loyera kuti alendo alawe. Njuchi zinalondola katundu wawo. Imodzi inalowa m'botolo la fanta la bwana wina wonenepa wa ku Lilongwe, n'kumuluma mlomo wam'mwamba. Mlomo unatupa mpaka kutseka mphuno. Iyeyo ndiye amayenera kulankhula mawu otsekera, ndipo analankhuladi, koma palibe anamva kanthu. Tinaomba m'manja.

Usanathe mlungu komiti inakhala pansi pa nkhani ya chitetezo cha alendo. A Alufeyo anati m'paki yeniyeni nyama zoopsa zimakhala ndi malo ake. Ming'oma yonse khumi ndi iwiri inatsitsidwa, njuchi n'kuzifukiza ndi udzu. Uchi tinagawana a komiti. Sindinama, unali wokoma, ndipo wanga ndinadyera mbatata masiku anayi. A Timoteyo anatola ming'oma yopanda kanthu ija n'kukaisanja kuseri kwa kanyumba kawo. Sanatilankhule mlungu wathunthu, kenaka anayambanso kutipatsa moni, poti munthu wokhala pamalo pa eni sakwiya nthawi yaitali.

Ulendo wachitatu unali wa mu Okutobala, dzuwa lija loswa mtengo. A Phillip anaimba foni kuti ulendo uno kubwera anthu ambiri, a wailesi ndi a nyuzipepala omwe, ndiye pafunika mthunzi.

"Mthunzi m'nkhalango ulimo," ndinatero ine, ndipo aka kanali koyamba kutsegula pakamwa pa msonkhano.

Anthu anandiseka. A Alufeyo anachita kupukuta misozi.

"Alembi, mwaonapo kuti bwana atakhala pansi pa mtengo ngati wogulitsa tomato? Mthunzi wa bwana ndi tenti."

Tenti inabwera pa lole, yoyera, ya mizati isanu ndi itatu, yofuna malo athyathyathya. Malo athyathyathya pa Kamphande anali amodzi okha, pamene panali misuku. Inali itabereka chaka chimenecho mpaka nthambi kuwerama, masuku atatsala milungu iwiri kuti apse. Tinaidula ili ndi zipatso zake. Ana anatola masuku aawisiwo n'kukawafotsera m'dothi, koma ambiri anangoola. Nthambi zake zinathandiza, poti anthu mazana awiri saphikiridwa ndi mapesi.

M'tentimo munatentha ngati m'balani. Alendo ankadzikupizira mphepo ndi mapepala a pulogalamu, thukuta lili kamukamu. Wolankhula aliyense anayamikira mitengo chifukwa imatipatsa mthunzi, zipatso ndi uchi. Mayi wachizungu woonda uja sanabwere. Tinamva kuti anamusinthira ku dziko lina. Amene anabwera m'malo mwake anali asanaonepo Kamphande, choncho anati ndi nkhalango yokongola zedi, yopita mphepo.

A Timoteyo anakhala kunja kwa tenti, pa chitsa cha msuku, jombo zili kumapazi dzuwa lonselo. Nditawapititsira mbale ya mpunga anaiika pansi, nasisita chitsacho ndi chikhatho.

"Msuku umachedwa," anatero. "Koma nawonso umaphuka. Mwina masuku ake ine sindidzadya. Adzadya a Madalo anuwo."

Madalo ndi mwana wanga wamkazi, wa zaka zinayi.

Mvula yoyamba itagwa, zinachitikadi monga ananenera. Zitsa za m'mbali mwa msewu zinatulutsa mphukira zofiirira, za misuku nazonso zinayamba. Madalawa anayambiranso kukwera m'mamawa ndi chikwanje chawo, kusiya ziwiri, kusadza zina. Nkhope yawo inabwerera. Tsiku lina ndinawamva akuimba nyimbo ya Chilomwe ali okhaokha.

Kenaka a Phillip anabwera ndi uthenga waukulu. Mabwana akhutira. Mu Januwale, nyengo yodzala mitengo, kudzabwera mlendo wolemekezeka kuchokera ku likulu kudzatsegula paki. Iye adzadzala mtengo woyamba, ndipo ife tidzadzala ina zikwi zitatu. Mbande za bulugamu zinali kale m'machubu, zikungodikira lole.

Tinakwera chitunda kukaona podzala. A Phillip anayenda uku ndi uku, nsapato zoyera zija akuzilambalalitsa matope, kenaka anaima n'kukanda m'mutu.

"Vuto lilipo pano," anatero. "Mitengo yachuluka. Malo odzala mitengo palibe."

Palibe amene anaseka. Tonse tinagwedeza mitu, chifukwa vutolo linkaoneka ndi maso.

A Alufeyo anapeza nzeru msanga. Mbali ya kumadzulo, yoyang'ana ku Zambia, ndiyo imaonekera bwino kumsewu, ndiye ilambulidwe yonse. Kumeneko n'kumene a Timoteyo anayambira ntchito yawo, ndipo mitengo yake inali itafika poti munthu sangaikumbatire ndi mkono umodzi. A Phillip anawonjeza kuti malamulo a pulojekiti amafuna mizere yowongoka, mamita awiri awiri, ndipo zitsa zimasokoneza mizere. Komanso zimaphuka n'kumalimbirana chakudya ndi mbande. Bungwe lidzatumiza thirakitala kuti izule zonse, za kumadzulo, za m'mbali mwa msewu, ndi za pamalo a tenti, mlendo wolemekezeka angapunthwe.

Msonkhano wovomereza zimenezi unachitikira m'kalasi ya Sitandade Faifi. Tili mkati, chitseko chinatseguka. Anali a Timoteyo, atavala jekete lawo la kutchalitchi, chipewa chili m'manja. Sanakhale pa desiki. Ananjuta pafupi ndi chitseko monga achitira munthu wodzapempha.

"Atcheya, ndi inu nonse eni mudzi, ine ndine wobwera, ndikudziwa. Masamba munasesa, ndinakhala chete. Njuchi munathamangitsa, misuku munadula. Mitengo ya kumadzuloyo ngati mwaifuna, dulani. Ndikuthandizani ndine, nkhwangwa ndimaidziwa kuposa anyamata anuwa. Koma zitsa zokha musiye. Chonde. Mukazula chitsa mwapha."

Ena ankayang'ana pa bolodi, pamene panali masamu a ana. Ine ndinkayang'ana m'kope.

"Madala," anatero a Alufeyo mofatsa, "walira mvula walira matope. Chitukuko munachiyamba ndinu, manje chafika mukuchiopanso? Tikuchotsa mitengo yomera yokha, tikuika mitengo ya pulani. Zikwi zitatu! Inu munadzalapo ingati?"

"Sindinadzalepo ngakhale umodzi."

"Mwamva nokha," anatero a Alufeyo, akutembenukira kwa ife. Manja anakwera m'mwamba, asanu ndi anayi. Langa linali lotanganidwa ndi kulemba, ndipo ndinkadzinamiza kuti kumeneko ndi kukana.

Potuluka ndinapeza a Timoteyo akundidikira pa mpanda wa sukulu.

"Mwanangu, iwe ndiwe umalemba. Ulembemo kuti munthu mmodzi anakana."

"Agogo, m'bukumu mumalowa mawu a mamembala okha."

Anavala chipewa chawo. "Chabwino, amayi," anatero. Anali asananditchulepo amayi chiyambire. M'bukumo ndinali nditalemba kale kuti onse anagwirizana.

Kudula kunatenga masiku asanu ndi limodzi, thirakitala masiku atatu. Ndinapita tsiku loyamba la thirakitala chifukwa mlembi amayenera kuchitira umboni. Ankakulunga tcheni pa chitsa, injini n'kulira, dothi n'kuyamba kung'ambika kutali ndi chitsacho, kumene sungaganize kuti mizu inafika. Kenaka phokoso ngati la fupa lothyoka, chitsa n'kutuluka ndi mizu yake yonse, ina yaitali kuposa thirakitalayo. Zina zinali ndi mphukira ziwiri zija zili gwa, zobiriwira. A Timoteyo anaima chapatali, manja kumbuyo, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Tsiku lachiwiri sanabwere, ndipo inenso ndinanamizira mutu.

Tsiku lotsegula paki linakoma, ndisaname. Geti linapakidwa utoto wobiriwira, chikwangwani chili ndi chithunzi cha njovu, ngakhale njovu kuno inadutsa komaliza agogo anga ali namwali. Amayi tinavala zitenje zofanana zojambulidwa mitengo. Kumadzulo konse kunali mbee, dothi lofiira, maenje zikwi zitatu ali m'mizere yowongoka ngati manda a asilikali. Mvula ya usiku inali itayamba kale kukumba tingalande kutsikira kumunsi, koma tinatikwirira ndi mchenga alendo asanafike.

Mlendo wolemekezeka anafika mochedwa ndi maola atatu. Anamuyalira mkeka kuti agwadepo, anamuveka magolovesi, anamupatsa fosholo yomangidwa riboni. Anaika kambande m'dzenje, makamera n'kuthwanima, ife nthungululu. Atasamba m'manja analankhula nthawi yaitali za kuipa kodula mitengo. Kenaka a Phillip anamunong'oneza kanthu, iye n'kumwetulira.

"Ndamva kuti pano pali agogo ena amene akhala zaka zambiri m'nkhalango muno osadzalapo mtengo ndi umodzi womwe. Abwere kuno."

Anthu anawakankhira kutsogolo a Timoteyo, jombo zikuchita phwa phwa. Mlendoyo anatenga mbande imodzi ya bulugamu m'chubu chake, naikweza kuti makamera aione bwino, n'kuwapatsa.

"Agogo, kuphunzira sikukalamba. Lero muyambepo. Mitengo siimera yokha, imadzalidwa. Mukadzale pakhomo panu, muziuthirira."

A Timoteyo analandira ndi manja awiri, nawerama pang'ono monga mwa ulemu. Anthu anaomba m'manja kwambiri. Nthungululu yoyamba inali yanga, chifukwa pa pulogalamu panalembedwa kuti alembi atsogolere nthungululu.

Magalimoto atapita, anthu akulimbirana mabotolo amadzi otsala, ndinatsika ndekha njira ya kumadzulo. Ndinapeza a Timoteyo ataima pakati pa maenje aja, mbande ili m'manja, akuyang'ana uku ndi uku ngati munthu amene wasochera m'mudzi wa eni. Ndinafuna kuwalambalala koma anali atandiona kale. Manyazi amene ndinamva pamenepo sindinawamvepo chibadwire.

"Agogo," ndinatero.

Anabwera pafupi, natenga dzanja langa, naikamo chubu chija. Dothi lake linali lonyowa, kambandeko kali ndi masamba anayi.

"Akuti ndikadzale pakhomo panga," anatero. "Ine pakhomo ndilibe, amayi. Pamene ndimagona paja ndi pa eni, salola mtengo. Malo amene ndinali nawo ndi ano. Katengeni inu, muli ndi kwanu."

Anavula jombo zija, naziimika bwinobwino m'mbali mwa dzenje limodzi, n'kuyamba kutsika chitunda opanda nsapato. Ndinawaitana kawiri. Sanatembenuke.